Chikungunya chinatha koma mafupa akupwetekabe, nde mutani?

Kutentha thupi kwa chikungunya, matenda a kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu, sikuchedwa kutha, sabata imodzi kapena masiku 10 munthu wadzuka, zidzolo zija zazimirira, mutu waleka, aliyense akuti mwachira. Koma manja ndi mapazi ayi ndithu. Mmawa zala zauma gwa, kuti muponde pansi mpaka kuyamba mwakhala kaye pabedi kulimba mtima, botolo kulitsegula kukanika, ndipo pena ululu umasowa sabata ziwiri zathunthu mpaka mumayamba kusangalala, kenako uwo wabweranso. Izi sizachilendo ndipo simukunamizira. Ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 alionse amakhala asanachire bwinobwino pakatha miyezi itatu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu amakhala akumvabe ululu olo patatha chaka. Zambiri zomwe madokotala akudziwa lero pa nkhaniyi zinachokera ku chilumba cha Réunion m'nyanja ya Indian Ocean, komwe mliri wa 2005 mpaka 2006 unagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, kenako ku India mu 2006, ndi ku Caribbean ndi South America kachilomboka katafikako kumapeto kwa 2013. Omwe ululu umakonda kuwakakamira ndi amene apitirira zaka 40, azimayi, amene matendawa anawagwira mwamphamvu masiku oyamba aja, komanso amene anali kale ndi nyamakazi kapena bondo lovulala kalekale.

Ambiri amachira, pang'onopang'ono koma amachira. Vuto ndi loti ululu wotsalirawu siwamtundu umodzi. Pali wina umene umafuna kuti muziyendetsa thupi ndi kupirira basi, pali wina umene ndi kutupa kwenikweni mkati molumikizirana mafupa umene ukalekereredwa umatha kudya fupa, ndipo mapilitsi ongogula pa famase sangauletse. Ntchito yanu yaikulu ndi kudziwa kuti wanu ndi uti.

Yambani ndi kutsimikiza kuti chinalidi chikungunya

Chikungunya, dengue, Zika ndi malungo zimayamba mofanana kwambiri, ndipo zitatu zoyambazo zimafalitsidwa ndi udzudzu womwewo wa Aedes, uja wa timizere toyera m'miyendo woluma masana. Nde kungoti "aneba anadwala chikungunya ndiye inenso ndi chomwecho" sikokwanira. Sabata yoyamba amayeza kachilombo kenikeniko m'magazi ndi PCR. Ikadutsa sabata imeneyo kachilomboka kamakhala katachoka m'magazi, ndiye amayeza chitetezo chomwe thupi linapanga: IgM imaoneka chakumapeto kwa sabata yoyamba n'kukhala miyezi ingapo, IgG imakhala zaka. Ngati papita miyezi inayi kapena isanu, IgG ndi yomwe ingakuuzeni kuti munadwaladi. Koma dziwani kuti IgG imangonena kuti kachilomboka kanadutsa m'thupi mwanu, siyinena kuti ululu wa lerowu ndi wake. Gout, nyamakazi ya rheumatoid arthritis, TB ya m'mafupa, HIV, hepatitis B ndi C, vuto la chithokomiro, zonsezi zimapweteketsa mafupa, ndipo dokotala wabwino amafuna azichotse kaye pa mndandanda.

Kenako lembani tsiku lomwe thupi linayamba kutentha

Zikuoneka ngati zachibwana koma mankhwala amatengera tsiku limeneli. Masabata atatu oyamba ndi gawo loyamba la matendawa. Kuyambira sabata yachinayi mpaka kumapeto kwa mwezi wachitatu ndi gawo lachiwiri, pamene ululu umakonda kupita n'kubwera ndipo misempha yolumikiza minofu ku mafupa imatupa. Ululu ukadutsa miyezi itatu ndi pamene amautcha wokhalitsa. Mankhwala omwe ndi oopsa sabata yoyamba amakhala othandiza sabata yachisanu, ndipo mankhwala amphamvu a nyamakazi nthawi zambiri sayambidwa munthu asanayandikire miyezi itatu ija.

Chomwe chikuchitika mkatimo ndi choti chitetezo cha m'thupi chinayaka moto polimbana ndi kachilomboka ndipo sichinazime bwinobwino, chikupitiriza kutupitsa kachikopa kamkati molumikizirana mafupa. Ofufuza anapezapo tizidutswa ta kachilomboka tikadali m'minofu imeneyi patapita miyezi yambiri. Ndiye maantibayotiki sathandiza, mankhwala a malungo sathandiza, ndipo mpaka pano kulibe mankhwala opha kachilombo ka chikungunya. Wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni "wochotsa chikungunya m'magazi", sungani ndalama zanu.

Sabata ziwiri muziulemba ululuwo

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha koma ndi pomwe pali phindu lalikulu. Pezani kope kapena muzilemba mufoni, tsiku lililonse mizere itatu inayi basi. Lembani malo omwe akupweteka, osangoti "thupi lonse", tchulani: mfundo za zala, polumikizira dzanja ndi mkono, chigongono, phewa, bondo, kakolo, chidendene, pansi pa phazi, ndipo ndi mbali imodzi kapena zonse ziwiri. Mukadzuka yang'anani nthawi, n'kudzayang'ananso pomwe zala zamasuka moti mungathe kukunga chibakera, mulembe mphindi zake. Ululuwo upatseni nambala kuyambira 0 mpaka 10. Lembani ngati unakudzutsani usiku makamaka chakum'bandakucha, ngati umachepa mukayamba kuyendayenda kapena umakula, ndi mapilitsi angati omwe mwamwa tsiku limenelo. Pakatupa jambulani ndi foni, manja onse awiri pamodzi kuti kusiyana kuoneke, chifukwa kutupa kwa chikungunya kuli ndi kamkhalidwe koti tsiku lopita kuchipatala kumakhala kwaphwa, adokotala n'kumaona dzanja labwinobwino inu mukulumbira kuti dzulo mphete imakana kutuluka.

Sabata ziwirizo zikatha werengani zomwe mwalemba, muona kuti ululu wanu ukugwera mbali imodzi mwa zitatu izi, pena ziwiri nthawi imodzi.

Ngati ukupweteka malo amodzi kapena awiri, ukukula mukagwiritsa ntchito chiwalocho n'kuchepa mukapuma, kuuma kwa mmawa kukutha pasanathe mphindi 30, kutupa kulibe kapena n'kochepa, umenewo ndi ululu wa minofu ndi misempha, ndipo ndi womwe anthu ochuluka kwambiri amakhala nawo. Chidendene chobaya pa sitepe yoyamba mmawa, phewa lokana kukweza mkono, bondo lomwe linali kale lovutavuta n'kuyambiranso, zonsezi zili m'gulu limeneli. Siuwononga fupa. Umafuna masewero olimbitsa thupi kuposa mapilitsi.

Ngati kuuma kwa mmawa kukupitirira mphindi 30, pena ola lathunthu kapena kuposa, mfundo zikutupa mofewa ndi kutenthera, mbali zonse ziwiri mofanana, ululu ukukudzutsani usiku koma ukuchepako mukayamba kugwiragwira ntchito, kumeneko ndi kutupa kwamkati. Ndi anthu ochepa amene zimafika pokhala nyamakazi yokhazikika yofanana ndi rheumatoid arthritis, koma ochepa amenewo ndi omwe sayenera kuchedwa.

Ndipo ngati mukumva dzanzi, kuotcha, kubayabaya kapena kuthetheka ngati shoko ya magetsi, ndi mtsempha wa uthenga womwe wapanikizika kapena wakwiya. Zofala kwambiri ndi dzanzi la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, lodzutsa usiku mpaka munthu kumakutumula dzanja, chifukwa kutupa kwa polumikizira dzanja kukufinya mtsempha wodutsa pamenepo. Ululu wamtundu uwu panado ndi Brufen saumva kwenikweni, nchifukwa chake ena amangoonjezera mapilitsi koma osaona kusintha.

Tsopano za mankhwala, ndipo apa werengani modekha

Poyambira ndi paracetamol, yemwe ambiri timangoti panado. Munthu wamkulu amamwa mapilitsi a 500 mg limodzi kapena awiri, n'kudikira maola 6, osapitirira mapilitsi 8 pa maola 24, kutanthauza magalamu 4. Ngati ndinu okalamba, thupi lanu silifika makilogalamu 50, muli ndi vuto la chiwindi kapena mumamwa mowa kawirikawiri, mulingo wanu ukhale wochepera pamenepo, afunseni adokotala. Samalaninso ndi mankhwala a chimfine ndi ena ophatikiza a ululu, ambiri muli kale paracetamol, ndiye munthu amapyola mulingo asakudziwa, ndipo chiwindi sichichenjeza msanga.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ochepetsa kutupa: ibuprofen (uja wa Brufen), diclofenac, naproxen, indomethacin. Masiku oyamba a matenda musawakhudze, ndi aspirin yemwe, mpaka zitatsimikizika kuti si dengue, chifukwa pa dengue amatha kuyambitsa kutaya magazi mkati. Gawo limenelo likadutsa amathandiza ndithu, koma pali malamulo ake. Mtundu umodzi basi pa nthawi, osati diclofenac mmawa Brufen masana indomethacin usiku, kuphatikizako sikuonjezera mphamvu, kumangoonjezera kuopsa. Muzimwa mutadya, muzimwa madzi okwanira, ndipo pakhale tsiku loti mukaonanenso ndi adokotala, zisakhale za miyezi ndi miyezi palibe woyang'anira. Mtundu wina ukakanika patatha masiku ngati 10 amatha kukusinthirani wina, ndipo ngati mimba yanu ndi yosachedwa kuvuta amaonjezerapo omeprazole. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, BP yosatsika, amene akumwa warfarin, ndi amayi oyembekezera, awa asamwe popanda dokotala kuvomereza. Chimodzimodzi omwe ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, poti onse awiri amalemetsa impso. Ngati ululu uli pa zala kapena pa bondo limodzi, diclofenac wopaka ndi wabwinopo, wolowa m'magazi amakhala wochepa kwambiri.

Nde pali ma steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa monga prednisolone ndi dexamethasone. Awa ndi omwe ine ndimaopa kwambiri pa nkhani yonseyi, osati chifukwa sagwira ntchito koma chifukwa amagwira kwambiri. Munthu wamwa lero mawa wadzuka akuthamanga, ndiye akasiya ululu wabwerera, wagulanso, miyezi isanu ndi umodzi ikutha akumwabe. Mapeto ake nkhope yazungulira, shuga wakwera, BP yakwera, mafupa afooka, chitetezo chatsika moti TB yomwe inagona ikhoza kudzuka. Madokotala amawagwiritsa ntchito inde, pa gawo lachiwiri lija kutupa kukakana mankhwala enawo, koma mulingo wochepa, masabata owerengeka, n'kumatsitsa pang'onopang'ono. Ngati mwakhala mukumwa nokha kupitirira masabata atatu musasiye mwadzidzidzi, thupi limakhala litasiya kupanga akeake ndipo mukhoza kukomoka, pitani mukanene zoona zake akutsitsireni bwinobwino. Palibe amene akakumangeni. Ndipo chenjerani ndi timabotolo ndi timaufa topanda chizindikiro tolembedwa kuti "zachilengedwe, zothetsa nyamakazi", m'mayiko ambiri mankhwala otere atawayeza anawapeza kuti anathiramo steroid mobisa. Chilichonse chochotsa ululu wa miyezi itatu pa tsiku limodzi muzichikayikira.

Ululu wa dzanzi ndi kuotcha uja uli ndi mankhwala akeake, amitriptyline wochepa womwa usiku, gabapentin kapena pregabalin. Amachita kulemberedwa, amayamba kugwira patapita sabata imodzi kapena zingapo, ndipo masiku oyamba amagonetsa, ndiye osayendetsa galimoto musanaone mmene akukuchitirani. Tramadol ndi codeine ndi a masiku ochepa ululu ukafika posapiririka, amazolowereka msanga.

Yendetsani thupi olo likukana

Masiku a kutentha thupi aja kupuma kunali koyenera. Panopa ayi. Chitseko chosatsegulidwa mahinjesi ake amachita dzimbiri, mfundo za thupi nazonso zikangokhala zimauma, minofu yozungulira imaphwa, ndiye ululu umakula, munthu n'kuopa kwambiri kuyenda, zikungozungulira choncho. Ku Brazil anayesa kuwachititsa odwala otere masewero olimbitsa thupi kwa masabata 12, ululu unachepa ndipo ziwalo zinamasuka poyerekeza ndi omwe sanachite nawo.

Yambirani pabedi pomwepo musanaponde pansi. Tambasulani zala n'kuzipinda pang'onopang'ono ka 10, kenako chala chachikulu chikhudze nsonga ya chala chilichonse. Zungulitsani manja, zungulitsani mapazi mbali zonse ziwiri, kokerani zala za kumapazi kumaso kwanu n'kugwira masekondi 20, izi ndi zomwe zimachepetsa kubaya kwa chidendene kuja. Pindani bondo limodzi kulibweretsa pachifuwa, kenako linalo. Mukatero sambani madzi ofunda, kapena viikani manja m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 mukufinya kansalu kofewa m'madzimo. Zonsezi sizidutsa mphindi 15 koma tsiku limayamba mosiyana.

Masana onjezerani zolimbitsa. Khalani pampando, imirirani osagwira kanthu, khalaninso, ka 5 poyamba, muzionjezera mpaka ka 10 kapena 15. Mutakhala, wongolani mwendo umodzi n'kuugwira m'mwamba masekondi 5, minofu ya pantchafu ikalimba bondo limapepukidwa. Kwa phewa, yang'anani khoma n'kumayendetsa zala kukwera nalo mpaka pomwe mungafike, tsiku lililonse kukwera pang'ono. Ndipo kuyenda, mphindi 10 pamalo osalala mutavala nsapato zofewa pansi, sabata yotsatira 12 kapena 15. Ngati pali posambira pabwino kapena njinga, ndi zabwino kwambiri poti mfundo sizisenza thupi lonse.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi loti nanga zikamapweteka ndisiye? Kupweteka pang'ono pochita n'kololedwa. Lamulo lomwe a fizo, akatswiri othandiza kuyendetsa ndi kulimbitsa ziwalo, amakonda kupereka ndi la maola awiri: ngati patatha maola awiri mutamaliza ululu ukadali woposa mmene unalili musanayambe, kapena mawa lake pakutupa, ndiye kuti munapyola, chepetsani theka koma osasiyiratu. Mfundo yomwe yatupa ndi kutentha lero isakakamizidwe, ingoyendetsani mofatsa popanda kunyamula kanthu. Ndipo msampha waukulu ndi tsiku labwino. Mwadzuka opanda ululu, ndiye mwachapa zonse, mwakolopa, mwanyamula zomwe zinadikira mwezi wonse, kenako masiku atatu chigonere. Bola kuchita zofanana tsiku labwino ndi loipa lomwe, ntchito kuidula m'zigawo za mphindi 20 kapena 30 n'kumapumira pakati. Ngati mungathe kuonana ndi a fizo olo kamodzi kokha kuti akuonetseni kachitidwe koyenera, pitani, makamaka ngati phewa layamba kuuma, poti phewa likaumiratu limatenga miyezi yambiri kuti limasuke.

Zofunda kapena zozizira? Pouma ikani chofunda, potupa ndi potentha ikani chozizira. Ayisi mumukulunge m'kansalu, mphindi 10 mpaka 15, osamuika pakhungu mwachindunji. Amene ali ndi shuga kapena dzanzi ayese kaye kutentha kwa madzi ndi chigongono, kupsa osamva kumachitika. Ena chikungunya chikatha zala zimayera kapena kuchita bii kukazizira, amenewo ayisi ayi, azivala magolovesi ndi masokosi.

Tizinthu tating'ono tothandiza: dzanzi la usiku lija limachepa mukamagona mutavala chomangira dzanja choliwongola, amagulitsa m'mafamase. Katundu muzinyamula ndi manja awiri kapena pamkono m'malo mokolowekera ku zala. Zovala m'malo mopotokola pofinya, zikulungeni n'kuzikanikiza ndi zikhatho. Mpeni, supuni, cholembera, zikulungeni kansalu chogwirira chikule. Foni kuigwira ola lathunthu ndi dzanja limodzi chala chachikulu chikungoseweretsa sikirini, imeneyonso ndi ntchito yolemetsa dzanja, isamireni penapake. Fodya amakulitsa nyamakazi yotupa ndipo amafooketsa mankhwala ake, ndipo kilogalamu iliyonse yoonjezera mawondo ndi akakolo ndi omwe amaisenza. Za zakudya zapadera zochiza chikungunya, palibe chomwe chinatsimikizika, idyani zakasinthasintha basi.

Miyezi itatu yakwana, kutupa kukadalipo

Apa musadikirenso kuti ziona zokha. Ndipo ngati mfundo zingapo zatupa mosalekeza kwa masabata 6, kapena ululu umabwerera nthawi iliyonse mukatsitsa prednisolone, pitani olo miyezi itatuyo isanakwane. Tengani kope lija, zithunzi zija, ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mwamwa, azitsamba omwe. Pemphani kuti ngati n'kotheka akutumizeni kwa dokotala wa nyamakazi, kapena wa matenda a akuluakulu ngati ameneyo palibe. Akayeza magazi kuona kukula kwa kutupa, ESR ndi CRP, akayeza rheumatoid factor ndi anti-CCP zomwe ndi zizindikiro za rheumatoid arthritis, mwina uric acid wa gout, impso ndi chiwindi, n'kujambula manja ndi mapazi pa X-ray kapena sikani. Musadabwe rheumatoid factor ikatuluka yabwinobwino, kwa ambiri a chikungunya imatero olo mfundo zili zotupa zooneka ndi maso, ndiye zotsatira zimenezo zisakhale chifukwa chokubwezerani kunyumba ndi panado yekha.

Mankhwala omwe amayambira nawo kawirikawiri ndi methotrexate. Chonde gwirani ichi: amamwa kamodzi pa SABATA, osati tsiku lililonse. Anthu anafapo chifukwa chosokoneza zimenezi. Sankhani tsiku limodzi, mulilembe pa paketi ndi pa kalendala. Amapita limodzi ndi folic acid womwa tsiku lina, amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuona chiwindi ndi maselo a magazi, mowa usiyidwe kapena uchepe kwambiri, ndipo saloledwa kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene akufuna kutenga mimba posachedwa chifukwa amavulaza mwana. Sayenda limodzi ndi cotrimoxazole, uja wa Bactrim, kuphatikiza ziwirizi kumagwetsa maselo a magazi moopsa, ndiye ngati mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku nenani msanga. Zilonda m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa chouma ndi kubanika mukumwa methotrexate, siyani mukaonane ndi adokotala tsiku lomwelo. Sagwira msanga, pamatenga masabata 6 mpaka 12 kuti muone kusintha, nde osataya mtima sabata yachitatu. Ena amapatsidwa sulfasalazine kapena hydroxychloroquine, pawokha kapena moonjezera, ndipo hydroxychloroquine akamwedwa nthawi yaitali maso amafunika kumayezedwa. Zonsezi zikakanika kuli majakisoni amakono oletsa kutupa, omwe asanakuyambitseni amayeza kaye TB ndi hepatitis B. Pamene msempha umodzi wokha ndi womwe wavuta, kapena dzanzi la dzanja lakana chomangira, dokotala amatha kubaya steroid pamalo pomwepo, zomwe ndi zosiyana kutalitali ndi kumwa mapilitsi ake miyezi.

Izi zokha musadikire nazo tsiku la sikelo kapena la apointimenti, pitani lero: mfundo imodzi yatupa kwambiri, yafiira, yatentha, simungaigwedeze ndipo thupi likutentha, poti akhoza kukhala mafinya mkati ndipo amawononga m'masiku ochepa. Chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi mukumwa mankhwala a kutupa aja. Mkodzo kuchepa, miyendo ndi nkhope kutupa. Diso kufiira, kupweteka, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, chikungunya chimatha kutupitsa mkati mwa diso patapita masabata. Miyendo kufooka kukukwera m'mwamba, kupweteka pachifuwa, kubanika. Ndipo kuonda kosadziwika bwino ndi thukuta la usiku, zimenezo musazikankhire kwa chikungunya, zikufuna kufufuzidwa pazokha.

Tulo ndi maganizo

Kutopa ndi kukhumudwa ndi mbali ya matendawa, ku Réunion odwala ambiri a ululu wokhalitsa ankadandaulanso zimenezi. Ndipo zimadyetsana, usiku womwe simunagone bwino mawa lake ululu umamveka kwambiri. Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, mankhwala a ululu a madzulo muwamwe pafupi ndi nthawi yogona, pilo pakati pa mawondo ngati mumagona chammbali. Apabanja ndi akuntchito auzeni momveka kuti matendawa amatenga miyezi ndipo amapita n'kubwera, chifukwa munthu wooneka bwinobwino kunja koma akukana kunyamula chidebe sachedwa kutchedwa waulesi, ndipo mawu amenewo amapweteka palokha. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa palibe chomwe chikukusangalatsani, kudya ndi kugona kwasokonekera, kapena mukuganiza zodzivulaza, auzeni adokotala monga mmene mungawauzire za bondo, chithandizo chake chilipo.

Ululu ukabwerera patapita nthawi, kawirikawiri kukazizira, mukatopa kwambiri kapena mukadwala matenda ena, sikuti mwatenganso chikungunya. Amene anadwalapo kamodzi amakhala ndi chitetezo chokhalitsa, ndipo pa gawo limeneli simungapatsire munthu, udzudzu umatenga kachilomboka kwa munthu sabata yoyamba ija basi. Bwererani ku zofunda, masewero ofatsa ndi paracetamol masiku angapo, mulembe m'kope muja, zikapitirira sabata ziwiri kapena pakatupa kaonaneni ndi adokotala. Koma kukabwera kutentha thupi kwatsopano kayezetseni, dengue ndi malungo sizikudziwa kuti munadwalapo chikungunya.

Katemera alipo tsopano, Ixchiq anavomerezedwa ku America mu 2023 koma chilolezo chake kumeneko chinaimitsidwa mu 2025 ena, makamaka okalamba, atadwala kwambiri atabayidwa, ndipo wina wotchedwa Vimkunya anavomerezedwa mu 2025. Onsewa ndi oteteza amene sanadwale, ululu womwe muli nawo kale sauchotsa. A m'nyumba mwanu omwe sanadwale atetezeni pokhuthula madzi ongokhala m'matayala, m'zitini, m'miphika ya maluwa ndi m'migolo yosavundikira kamodzi pa sabata, poti ndi momwe Aedes amaswanirana, ndipo popeza amaluma kwambiri mmawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, neti ya usiku payokha siyikwanira, pamafunikanso mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET kapena picaridin ndi zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo.